Kukonzanso filimu yakale ya makaboyi pa laputopu: kudula, kulumikiza ndi kubwezera mawu akale

Agogo athu amene anachoka ku Fort Jameson, Chipata ya lero, kukagwira nchito ku migodi m'ma 1940 ndi m'ma 1950 ankaonera mafilimu a makaboyi panja, m'makomboni. Mafilimuwo ankafika ataduladula kale a boma la atsamunda, amene ankachotsa zonse zimene sankafuna kuti munthu wakuda aone, moti nkhani inkalumphalumpha ngati msewu wokokoloka ndi mvula. Kaboyi wamkulu aliyense anthu ankangomutcha Jack. Lero lumo lili m'manja mwa woonera. Munthu wokonda filimu amatenga chimbale chake, n'kuchotsamo mbali zina, kubwezeramo zina, kukonza mawu ndi mitundu, mpaka filimuyo ikhale mmene iye akuonera kuti iyenera kukhalira. Nchito imeneyi amaitcha fan edit, ndipo itheka bwinobwino pa laputopu wamba ku Kapata kapena ku Katete, bola mudziwe pamene anthu amagwera. Ambiri amagwera pa mawu, osati pa chithunzi.

Chitsanzo chathu chikhale The Good, the Bad and the Ugly, filimu ya ku Italy ya Sergio Leone ya mu 1966, chifukwa ndi imodzi mwa zimene okonda makaboyi amakonzanso kawirikawiri, ndipo zifukwa zake n'zomveka. Imene anthu ambiri anaonera m'Chingelezi inali ya mphindi pafupifupi 161. Mu 2003 kunatuluka ina yotalikirapo, ya mphindi pafupifupi 179. Mbali zimene anaonjezeramo zinalibe mawu a Chingelezi, choncho Clint Eastwood ndi Eli Wallach anakalankhulanso patapita zaka zoposa 35, ndipo mawu a Lee Van Cleef, amene anamwalira mu 1989, analankhula munthu wina. Khutu limamva kuti mnyamata wa pa chithunzi akulankhula ndi pakhosi pa nkhalamba. Panthawi yomweyo mawu akale a mono, a mzere umodzi wokha, anawasandutsa 5.1, a mizere 6 ya masipika ozungulira, n'kusintha kulira kwa mfuti zambiri. Kenaka chimbale cha Blu-ray cha mu 2014 chinabwera ndi chithunzi chachikasu kwambiri. Zimbale zina za m'mbuyo muno zinabwezera mono ndi kadulidwe kakale, ndiye yambani mwayang'ana chimene muli nacho, mwina theka la nchito linachitika kale.

Za lamulo tinenerethu. Filimu ili ndi eni ake, ndipo kuno ku Zambia lamulo la Copyright and Performance Rights Act la mu 1994 limawateteza. Mwambo wa anthu ochita nchito imeneyi ndi woti ugwiritse nchito chimbale chenicheni chimene unagula, ndipo chimene wakonzacho usagulitse, usaonetse molipiritsa. N'choonera pakhomo. Mnzanu akachisirira, m'patseni mndandanda wa malo amene munadula kuti akakonze chake ndi chimbale chake.

Pepala ndi bolopeni poyamba

Musanatsegule pulogalamu iliyonse, lembani chiganizo chimodzi chonena chimene mukufuna. Mwachitsanzo: kubwezera kadulidwe ka mphindi 161 ndi mawu a mono, pa chithunzi cha Blu-ray. Kapena: kusunga mbali imodzi yokha mwa zoonjezerazo. Wopanda chiganizo chotere amangodula paliponse pamene watopa, mapeto ake filimu imasanduka phala.

Kenaka onerani filimu yonse pa VLC, pulogalamu yoonerera mafilimu, mukulemba nthawi imene mbali iliyonse ikuyambira ndi kuthera, ndi chimene woonera akuphunzirapo. Gawo lomalizali ndilo lofunika. M'filimu yotalika ija muli mbali imene Angel Eyes, amene anasewera Lee Van Cleef, akufika pa linga logumuka lodzaza asilikali ovulala, n'kumva kuti munthu amene akufunafuna angakhale ku msasa wa akaidi. Mukaichotsa, iye amangotulukira ku msasako popanda chifukwa chooneka. Filimu ya mphindi 161 inayenda choncho ndipo anthu anailandira, koma inu muyenera kudziwa kuti mwachotsa mlatho. Mbali ya kuphanga, kumene Tuco, amene anasewera Eli Wallach, akukasonkhanitsa anzake, ambiri amaichotsa osadandaula, chifukwa ndi pamene mawu okalamba aja amamvekera kwambiri.

Chimene tikukupemphani ndi mtima wonse n'chakuti musadule bata. Filimu imeneyi imatha mphindi pafupifupi 10 zoyamba popanda munthu kulankhula, ndipo wongoyamba kumene amaona ngati ndi nthawi yotayika. Kuyang'anizana kuja, mphepo ija, galu wodutsa uja, ndizo zimapatsa mfuti mphamvu ikalira. Mbali ya kumanda kumapeto, pamene osewera atatu aja aimirira pabwalo lozungulira, inalumikizidwa motsatira nyimbo ya Ennio Morricone. Mukachotsapo ngakhale masekondi 2, nyimbo imathyoka msana. Isiyeni.

Zida ndi kukopera

Laputopu ya RAM ya 8 GB ikwanira. Muyenera kukhala ndi malo osachepera 150 GB pa hadi diski, mahedifoni a waya, ndi drive yoŵerenga chimbale yolumikiza pa USB ngati laputopu ilibe. Drive ya DVD siŵerenga Blu-ray. Mahedifoni a Bluetooth musagwiritse nchito, amachedwetsa mawu ndipo mudzayamba kukonza vuto limene kulibe.

Mapulogalamu onse ofunika mungawapeze osalipira: MakeMKV yokopera chimbale, MediaInfo yoonera za m'kati mwa fayilo, MKVToolNix yolekanitsa ndi kuphatikiza mawu ndi chithunzi, Audacity ya mawu, Kdenlive kapena Shotcut yodulira, Subtitle Edit ya mawu olembedwa, ndi HandBrake yopanikizira fayilo yomaliza. DaVinci Resolve ndi yabwino pa mitundu, koma imafuna makina amphamvu ndiponso kuitenga kumadya bandulo yambiri.

Blu-ray imodzi ikakoperedwa imadya pakati pa 25 ndi 40 GB, DVD siposa 8.5 GB. Fayilo ya Blu-ray ndi yolemera kwa laputopu yaing'ono, ndiye yatsani proxy mu Kdenlive. Pulogalamuyo imapanga kafayilo kopepuka kodulira, ndipo pomaliza imabwerera ku fayilo yeniyeni. Mafayilo onse aikeni m'foda imodzi ndipo musawasinthe maina nchito ikayamba.

Liŵiro la mafulemu

Apa ndi pamene pamafera nchito zambiri. Filimu ya ku sinema imayenda mafulemu, kapena kuti zithunzi, 24 pa sekondi, Blu-ray nthawi zambiri 23.976. Koma ma DVD a PAL, mtundu wa TV umene timagwiritsa nchito kuno, amayenda 25 pa sekondi. Sawonjezera fulemu iliyonse, amangothamangitsa filimu yonse ndi 4 peresenti ndi pang'ono. Filimu ya mphindi 161 imatha pa mphindi 154 kapena 155, ndipo mawu onse amakwera pang'ono, amuna amamveka ngati achepa thupi.

Ndiye mukatenga mawu a mono pa DVD ya PAL n'kuwaika pa chithunzi cha Blu-ray, poyamba zimaoneka ngati zagwirizana, koma pakatha ola limodzi mawu amakhala atatsogola ndi mphindi pafupifupi 2 ndi theka. Tsegulani mafayilo onse mu MediaInfo muone pamene palembedwa Frame rate. Ngati imodzi ili 25 ndipo ina 23.976, chedwetsani ya 25.

Mawu achedwetseni mu Audacity. Sankhani onse, pitani pa Change Speed and Pitch, imene m'mapulogalamu akale imangolembedwa Change Speed, n'kulemba -4.096 peresenti. Njira imeneyi imabwezera liŵiro ndi kuzama kwa mawu nthawi imodzi. Zimbale zina za PAL anakonza kale kuzama kwa mawu n'kusiya liŵiro, ndiye yerekezani kaye nyimbo yoyambirira pa mafayilo onse aŵiri. Ngati ikulira pa mlingo umodzi, gwiritsani nchito Change Tempo ndi nambala yomweyo. Sungani ngati WAV ya 48000 Hz, osati MP3, chifukwa mudzapanikiza kamodzi kokha pomaliza.

Ngati mukufunanso chithunzi cha DVD, mwina chifukwa muli mbali imene pa Blu-ray palibe, MKVToolNix imachichedwetsa osachiwononga: dinani pa mzere wa chithunzi, pa Default duration/FPS lembani 24000/1001p. DVD ya ku America ndi nkhani ina. Imaonetsa 29.97 ndipo imafunika Detelecine mu HandBrake kuti ibwerere pa 23.976, apo ayi hachi ikamathamanga mudzaona timizere ngati mano a chipeso m'mbali mwa miyendo yake.

Pulojekiti yanu muiike pa 23.976 musanaloŵetsemo fayilo iliyonse. Mu Resolve nambala imeneyi imakhoma mukangoloŵetsa chithunzi choyamba.

Kugwirizanitsa mawu ndi chithunzi

Musadalire milomo. Mafilimu a makaboyi a ku Italy ankajambulidwa popanda kusunga mawu a pamalopo. Osewera ankalankhula aliyense chinenero chake, wina Chingelezi, wina Chitaliyana, wina Chisipanishi, ndipo mawu ankaikidwa pambuyo pake mu studio. Milomo ya osewera ambiri sidzagwirizana ndi Chingelezi ngakhale mutachezera usiku wonse. Yang'anani zinthu zogunda: chitseko chomenyetsedwa, mbama, fosholo yogwa pansi, moto wa pakamwa pa mfuti. Pa mzere wa mawu kugunda kumaoneka ngati munga wautali. Ikani munga umenewo pa fulemu imene chinthucho chagunda.

Fulemu imodzi ndi mamilisekondi pafupifupi 42. Munthu amayamba kuzindikira vuto mawu akatsogola ndi fulemu imodzi yokha, koma akachedwa amapirira mpaka mafulemu pafupifupi 3. Chifukwa chake mumachidziŵa kale: munthu akamadula mtengo kutsidya kwa dambo, mumaona nkhwangwa ikugwa kenaka n'kumva kulira kwake. Ubongo unazoloŵera mawu ochedwa, otsogola umawakana. Mukakayika, chedwetsani ndi fulemu imodzi.

Mawu akasiyana ndi chithunzi, kasiyanidwe kake kamakuuzani matenda. Ngati kusiyanako n'kofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ingokankhani mzere wonse wa mawu. Nthawi zambiri chimachititsa ndi chizindikiro cha kampani cha koyambirira, chimene chimatalika mosiyana pa zimbale. Ngati kukukulirakulira pang'onopang'ono, vuto ndi liŵiro, bwererani ku MediaInfo. Ngati zinali bwino kenaka mwadzidzidzi zalumpha, ndiye kuti pamenepo chimbale chimodzi chili ndi mafulemu amene chinzake chilibe. Zotere zimachitika kwambiri pamene mpukutu wa filimu unkathera, pafupifupi mphindi 20 zilizonse. Pezani fulemu yeniyeni imene kulumphako kwayambira, dulani mzere wa mawu pamalo abata apafupi, kankhani mbali yotsalayo, ndipo mpata umene watsala mutsekemo ndi kamphepo kotengedwa pa mbali yomweyo. Musasiye mpata wopanda kanthu. Mawu akale ali ndi kaphokoso kapansipansi kosalekeza, ndipo kakangoduka khutu limadzidzimuka ngati mmene zimakhalira firiji ikazima usiku.

Yesani kugwirizanaku pa mphindi 5 zilizonse mpaka filimu ithe. Ndi nchito ya madzulo angapo ndipo ilibe njira yachidule.

Kudula

Chithunzi chiduleni pamene mwini filimu anadula kale, kutanthauza pa fulemu yoyamba ya shoti yatsopano, pamene kamera yasintha chimene ikuonetsa. Yendani fulemu imodziimodzi ndi mabatani a mivi. Mukasiya fulemu imodzi ya mbali yochotsedwayo, imaphethira ngati mphezi ndipo aliyense amaiona. Ngati mbali ziŵiri zinaloŵana mosungunuka, dulani kusungunukako kusanayambe, kenaka mupange kwanu kwa sekondi imodzi kapena kungodula mowuma.

Mawu musawadule pamalo amodzi ndi chithunzi. Lekanitsani mizere iŵiriyo, ndipo mulole mphepo kapena mapazi a hachi a mbali yotsatira ayambe mafulemu 6 mpaka 12 chithunzi chisanasinthe, akuloŵana ndi a mbali yapitayo. Khutu likawoloka poyamba, diso limatsatira osafunsa. Pamalo alionse amene mwadula mawu ikani kuzimirira kwa fulemu imodzi, kupanda kutero mudzamva kuti "tha" pa sipika.

Nyimbo ndiyo mdani wamkulu. Kaŵirikaŵiri imayamba kumapeto kwa mbali imene mukuchotsa n'kupitirira m'mbali imene mukusunga. Pali njira zitatu. Mungasunthe podula kuti nyimbo iyambe yonse. Mungaidule pa kugunda kwa ng'oma n'kulumikiza pa kugunda kofanana kutsogolo, mukuŵerenga ndi chala patebulo kuti kayendedwe kake kasapunduke. Kapena, ngati muli ndi 5.1, mungatenge mzere wapakati wokha, umene umanyamula zolankhula, n'kutsitsa enawo. Audacity imatsegula mizere 6 yonse payokhapayokha mukaikamo kapulogalamu koonjezera kotchedwa FFmpeg, ndipo wapakati ndi wachitatu. Dziŵani kuti pa filimu yakale imene inachokera ku mono nyimbo imadonthera ndithu mu mzere wapakatiwo, ndiye njirayi imathandiza pang'ono chabe. Zonse zikakanika, bwezerani mbaliyo. Mbali yotalika imakhululukidwa, nyimbo yothyoka ayi.

Mukasunga mbali ina mwa zoonjezera zija pakati pa mono, mawu ake muwasandutse mono, muyerekeze kukwera kwake ndi kwa mbali zoyandikana, ndipo muchepetseko pang'ono kuthwa kwa pamwamba ndi equalizer, chifukwa zojambulidwa mu 2003 n'zoyera kuposa za mu 1966.

Mitundu ndi timchenga

Pokonza chikasu chija, zimitsani kaye Night light pa laputopu ndipo musagwire nchito dzuŵa likuwomba pa sikirini. Maso amanama, gwiritsani nchito RGB Parade, chida choonetsa mizere itatu ya mtundu wofiira, wobiriŵira ndi wa buluu. Pezani chinthu choyera, monga malaya kapena khoma lopaka laimu, n'kukweza buluu pang'onopang'ono mpaka mizere itatuyo iyandikane pamwamba. Musafike poilinganiza ndendende. Filimuyi inajambulidwa ku Spain, kumadera ouma a Almería ndi kufupi ndi Burgos, ndipo chipululu chiyenera kuoneka chotentha ngati Malambo mu Okutobala. Nkhope zikayamba kutuŵa, mwapyola. Za usiku ndi za m'nyumba zikonzeni pazokha.

Chithunzi cha DVD mukachisakaniza ndi cha Blu-ray, kumbukirani kuti DVD imaŵerenga mitundu mwa BT.601 pamene Blu-ray mwa BT.709. Pulogalamu ikasokoneza ziŵirizi, zofiira ndi zobiriŵira zimasintha pamalo olumikiza.

Timchenga timene mumaona pa chithunzi si dothi. Filimuyi inajambulidwa mwa Techniscope, njira imene fulemu iliyonse imatenga theka la malo a masiku onse pa filimu ya 35 mm, n'chifukwa chake timchengato timaoneka kwambiri. Mukatichotsa ndi denoise, makwinya, thukuta ndi ndevu zimapita nato limodzi, nkhope n'kukhala ngati za kandulo. Pa filimu yodalira nkhope zapafupi chonchi, kumeneko n'kuipha.

Mawu olembedwa m'Chicheŵa

Awa muchite pomaliza, kudula konse kutatha, chifukwa sekondi iliyonse imene mwachotsa imasuntha mizere yonse ya kutsogolo. Mzere usapose zilembo 42, mizere isapose iŵiri, ndipo ikhale pa sikirini pakati pa sekondi imodzi ndi masekondi 6. Mawu athu ndi aatali, ndiye tanthauzirani ganizo, osati liwu ndi liwu. Sankhani msanga amene akutchulana "iwe" ndi amene akutchulana "inu", n'kusunga zimenezo mpaka kumapeto. Mbava ziŵiri zoperekana zimati "iwe", msilikali kwa kapitawo wake amati "inu", ndipo munthu akaloza mnzake mfuti n'kumutchula "inu", ulemu umenewo umaopsa kuposa kutukwana. Sungani fayilo ya mawu olembedwawa, ya SRT, mwa UTF-8 kuti chilembo cha ŵ chisasanduke timabokosi. Ma TV ena saŵerenga SRT bwino, ndiye ngati ndi ya pakhomo mungawotcheretu mawuwo pa chithunzi ndi Burn In mu HandBrake.

Kutulutsa fayilo

Kutulutsa filimu ya maola pafupifupi 3 kungatenge usiku wathunthu pa laputopu yaing'ono, ndipo malaiti sadikira munthu. Gawani chithunzi m'zigawo za mphindi 20 kapena 30, chilichonse chithere pamene shoti ikusintha, zonse ndi makonzedwe ofanana, kenaka muzilumikize ndi Append mu MKVToolNix. Mawu atulutseni onse pamodzi ngati fayilo imodzi n'kuwaphatikiza pomaliza, kuti pasakhale timipata polumikiza. Tulutsani mwa MKV. Fayilo ya MP4 imalemba mndandanda wake kumapeto, choncho ikadukira panjira siitseguka n'komwe. M'miyezi yotentha ikani laputopu pa timatabwa tiŵiri kuti mpweya uzipita pansi, osati pa bedi kapena pa mpando wa nsalu, chifukwa ikatentha imadzichepetsera liŵiro kapena kuzima.

Chithunzi cha filimuyi n'chotambalala, 2.35:1, ndiye pa 1080p chenichenicho ndi pafupifupi 1920 kwa 816. Mizere yakuda ya pamwamba ndi pansi mungaidule, TV idzaibwezera yokha. Musachikoke kuti chidzaze sikirini, anthu amatalika ngati milongoti, ndipo musadule m'mbali, chifukwa Leone ankakonda kuika munthu mmodzi kumapeto kwenikweni kwa fulemu ndi wina kumapeto enawo.

Mu HandBrake, fayilo yosunga ikhale H.264, RF (mlingo wa kupanikiza) 18 mpaka 20, Tune pa Grain, mawu AAC kapena AC3. H.265 ndi DTS ma TV ena otchipa amazikana, mumaona chithunzi chopanda mawu kapena uthenga woti fayilo siidziŵika. Fulashi ya FAT32 silandira fayilo yofika 4 GB, ngakhale fulashiyo ikhale ya 32 GB. Ngati TV yanu imaŵerenga NTFS kapena exFAT, sinthani fulashiyo. Ngati ayi, pangani ya 720p, chithunzi pa 2900 kbps ndi mawu pa 192 kbps. Pa mphindi 161 zimenezi zimapereka pafupifupi 3.7 GB.

Musanatulutse yonse, tulutsani mphindi 2 zokha za pamalo ovuta, monga pamene mlatho wa pamtsinje ukuphulika m'filimumo, chifukwa utsi ndi fumbi ndizo zimayamba kusweka kukhala timabokosi. Kayeseni pa TV yeniyeniyo. Zakuda zikaoneka zotuŵa, pulogalamu yasokoneza Limited ndi Full, sankhani Limited.

Yonse ikatuluka, itanani munthu amene sanaonerepo filimuyi akhale nanu, inu muli ndi pepala lija m'manja. Musamuuze pamene munadula. Akafunsa kuti "Nanga uyu wafika bwanji kuno?" lembani nthawiyo, pamenepo munachotsa mlatho. Akatembenuka kuyang'ana sipika, lembaninso, pamenepo mawu alumpha. Tsegulani pulojekiti, konzani malo amenewo, ndipo mutulutsenso zigawo zokhazo zimene zakhudzidwa pamodzi ndi fayilo ya mawu.